Tsiku Limene Tinamuimbira Shayla

Anthu amene sanaponde n'komwe m'bwalo la ku Winnipeg ndi amene akudziwa bwino zimene zinachitika kumeneko. Alemba pa intaneti kuti kagulu ka nkhalamba za kumunda kanamudyera mtsikana mwayi wake. Wina anafika ponena kuti anthu a msinkhu wathu azitisiya kunyumba tiziluka masokosi. Nkhalamba imene inayambitsa nyimboyo ndine, Verna Dubyk. Masokosi ndimalukadi, koma ndimalukira pa mabenchi a m'mabwalo a ayezi, ndipo ndinayamba kukhalapo iye wolembayo asanamere mano. Ndiye andilole nane ndiyankhulepo.

Shayla Boychuk ndi mwana wa kwathu ku Wynmere. Ndinkamunyamula pa basi ya sukulu imene ndinayendetsa mpaka mawondo atandikana, ndipo ndinamuona akuphunzira kutsetsereka pa ayezi atavala nsapato za mipeni kunsi, akukankha mpando wa pulasitiki kuti asagwe. Ankagwabe. Akagwa sankalira, ankaumenya mpandowo ngati ndiwo wamugwetsa. Ndinawauza amayi ake nthawi yomweyo kuti mwanayu adzavuta, ndipo sindinanene monyoza.

Bwalo lathu ndi chishedi cha malata chimene makolo athu anamanga ndi manja awo. Muli zokuzira mawu ziwiri zakalekale, ndipo kunja kukazizira kwenikweni, kuzizira kuja kumene tsitsi la m'mphuno limauma, zimangoti zii pakati pa nyimbo. Sindikumbuka chaka chimene chionetsero cha ana athu chinatha zisanafe. Ndiye tinazolowera. Nyimbo ikafa mwana saima. Ife a pa mabenchi timaitola pamene yagwera n'kuiimba mpaka amalize. Mwana wa ku Wynmere amakula akudziwa kuti waya angamutaye koma anthu sangamutaye. Palibe anakhazikitsa zimenezi, ndipo palibe anafunsapo ngati kwina amatero.

Chaka chimenecho Shayla anali ndi zaka 27. M'masewera awa umenewo ndi ugogo, poti ambiri opikisana naye anali asanamalize sekondale. Anali atalengeza kale kuti imeneyi ndi nyengo yake yomaliza. Chotsala pa mtima pake chinali chimodzi: anali asanapiteko ku mpikisano wa dziko lonse lapansi. Malo anali awiri okha. Woyamba ndi wachiwiri pa mpikisano wa dziko lathu amapita. Wachitatu amalandira mendulo, amagwiridwa chanza, basi n'kubwerera kwawo. Shayla anali nazo kale mendulo ziwiri za wachitatu, ndipo amayi ake anandiuza kuti amazisunga m'kabati ya masupuni.

Takhala tikumutsatira anthu atatu kuyambira ku timipikisano ta m'matauni oyandikana nawo: ine, amuna anga a Orest amene ntchito yawo ndi kuyendetsa galimoto ndi kugona pa benchi, ndi mnzanga wa pa ubwana, Marlys Thiessen. Marlys anali mphunzitsi wa masamu, ndipo kupuma ntchito sikunamuchiritse. Amadziwa mtengo wa kudumpha kulikonse, malikisi amene amachotsa munthu akagwa, amene amadula akaterera ndi miyendo iwiri. Oweruza asanatulutse malikisi iye amakhala atawerengera kale pa foni yake, ndipo saphonya patali. Ine zimenezo sindikhala nazo. Ndimaweruza ndi m'mimba, ndipo ndikaona kuti atibera ndimakuwa.

Ku Winnipeg sitinapite atatu, tinadzaza basi. Tinanyamula miphika ya mapirogi, timitanda ta ufa toika mbatata m'kati, yokulunga m'matawulo, masoseji, khofi m'mafulasiki, ndi chithumba cha tiagologolo toluka toti tikamuponyere pa ayezi akamaliza. Ena amaponya zimbalangondo zogula m'sitolo. Ife timaponya gologolo wa m'minda, amene amatidyera tirigu chaka ndi chaka koma sitinathe kumuthamangitsa.

Lachisanu, pa kuvina kwakufupi, komwe ndi gawo loyamba mwa magawo awiri a mpikisano, Shayla anatha wachiwiri. Anavina mosaphonya paliponse, koma pa malikisi a kukongola kwa kavinidwe anamumana, monga mwa nthawi zonse. Chifukwa chake timachidziwa ngakhale sanena. Shayla savinira mapiyano ndi mavayolini. Pa kuvina kwakutali amavinira nyimbo ya pa zikwati za kwathu, ya akodiyoni, yonena za kavalo amene anathawa ndi ngolo mkwatibwi ali momwemo. Anaijambulitsa ndi gulu lomwelo limene linaimba pa ukwati wanga, lija latsala anthu awiri ndi mdzukulu. Kochi wake, a Lindqvist, bambo wamtali wosaseka wa ku Calgary, anayesa kumuletsa. Shayla anawayankha kuti ngati oweruza sanavinepo pa chikwati, limenelo ndi vuto lawo.

Loweruka masana tinakhala pamwamba, kumbali ya khomo lolowera ovina. Kumbuyo kwathu kunali bambo wina wa ku Toronto wa sikafu yodula, amene ankamufotokozera mkazi wake chilichonse mokweza kuti nafenso tiphunzireko.

"Anthu awa abwera ndi miphika," anatero. "Akuyesa ndi pa chionetsero cha zaulimi."

"Tabweranso ndi makutu, achimwene," ndinamuyankha osacheuka. "Mukafuna pirogi nenani, musachite kuzungulira."

"Verna, usayambe," anatero Marlys maso ali pa foni.

"Sindinayambe. Ndikayamba udzadziwa."

A Orest anali atayamba kale kusinza. Ndinawagunda ndi chigongono, ndipo anati sakugona, akupumitsa maso kuti Shayla adzamuone bwino.

Pa kuvina kwakutali amayamba ndi otsalira, otsogola amamaliza. Choncho Shayla asanalowe, kunalowa mwana amene anali wachitatu, Noemie Gagnon wa ku Quebec, wa zaka 16, wopepuka ngati nthenga. Ameneyo ndiye ankalimbirana naye malo. Sindikondwa mwana wa munthu akagwa, Mulungu ndi mboni, koma Noemie atagwa kachiwiri ndinadzipeza nditagwira dzanja la Marlys. Malikisi ake atatuluka, Marlys anabayabaya foni, kenako anandiyang'ana maso atafiira.

"Zatheka," ananong'ona. "Sakufunikanso ya patatu. Angodumpha ya pawiri, zina zonse bwinobwino, malo ndi ake."

"Ukutsimikiza?"

"Ndinakunamizapo pa masamu?"

Ankanena akiselo. Pa madumphidwe onse, umenewu ndi wokhawo umene munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo, ngati wodumpha dzenje akuliona. Ya pawiri mtsikana aliyense wa mpikisano amaitha. Ya patatu, yozungulira katatu ndi theka m'mwamba, ndi ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo ndi ana amene chiuno sichinabwere. Shayla anaiphunzira atakula, anthu akuseka. Ife tinamuona akuitera kwathu m'chishedi chathu, kangapo konse. Koma pamaso pa oweruza anali asanaiterepo, ndipo chimene oweruza sanachione, m'masewera awa sichinachitike.

Tinawaona a Lindqvist pa mpanda wozungulira ayezi akumuyankhula Shayla, zala ziwiri zili m'mwamba. Nawonso anali atawerengera. Shayla anamwa madzi, anamina, anawapatsa kanthu kopukutirako, n'kutsetsereka kupita pakati. Anavala diresi yofiira ya maluwa osokera m'manja. Dzina lake litatchulidwa tinakuwa mpaka bambo wa sikafu anatseka makutu.

Akodiyoni inayamba. Kudumpha koyamba anatera ngati mphaka, kwachiwiri chimodzimodzi. Bwalo linayamba kuwomba m'manja motsata nyimbo, ngakhale a ku Toronto, poti nyimbo imeneyo siilola munthu kukhala ngati mtengo. Anzake amaika akiselo poyambirira penipeni miyendo ikadali yatsopano. Shayla amaiika pamene kavalo akuthyola mpanda, pamene nyimbo imakwera, chifukwa amati pamenepo ndi pamene iye amakwiya mokwanira. Anadutsa pansi pathu chafutambuyo akusonkhanitsa liwiro.

Kenako kunamveka phuu, ngati wina waponda thumba la pepala, ndipo nyimbo inafa.

Sindinaganize. Ndikunena izi osati podzichotsa mlandu, koma chifukwa ndi momwe zinalili. Munthu akakuponyera mwana suyamba wafunsa lamulo, umangowakha. Nyimbo inagwa ndipo ndinaitola pa mawu omwewo pamene inagwera. Ndinaimirira n'kuimba ndi mawu anga onse a woyendetsa basi. Marlys analowa nawo mzere wa nyimbowo usanathe. A Orest, amene m'tchalitchi amangogwedeza milomo, anatulutsa besi, mawu a pansi aja, imene ndinaimva komaliza pa ukwati wathu. Basi yonse ya ku Wynmere inaimirira.

"Khalani chete! Aime! Akuyenera kuima!" anakuwa bambo wa sikafu akundikoka juzi.

Ndinachotsa dzanja lake ngati ntchentche. Anthu a mbali zina, amene mawu sankawadziwa, anatola kayimbidwe kokha n'kumaponda pansi. Chibwalo chonse chija chinagwedezeka. Chapatali, pa tebulo la oweruza, ndinaona mayi wa jekete lakuda ataimirira, dzanja lili m'mwamba, kanthu kali pakamwa. Ndinamuona ndithu. Ndinayesa nayenso akuchemerera.

Shayla sanachepetse liwiro. Anatembenuka n'kuyang'ana kutsogolo, anaponda, ananyamuka. Ndaona anthu ambiri akudumpha pa moyo wanga, koma uku kunali kwina. Anakhala m'mwamba nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi. Anazungulira katatu ndi theka, ine wosadziwa masamu ndinawerenga, ndipo anatera pa mpeni umodzi, mwendo wina uli tambalale kumbuyo, manja otambasula, osagwedera ngakhale pang'ono. Sanali ya pawiri. Zala za a Lindqvist anazisiya pa mpanda pomwepo.

Phokoso limene linatsatira sindingalifotokoze. Marlys anagwetsa foni. A Orest analira osabisa. Nyimbo yathu inasweka chifukwa sungaimbe ukukuwa, ndipo m'kamphindi kameneko, mawu atatsika, m'pamene tinaimva wezulo. Inali ikulira, ikulira, ndipo zinaoneka kuti sinayambe pompo.

Shayla anaima. Anatsetsereka pang'onopang'ono kupita kwa mayi wa jekete lakuda uja, amene anali lifali, manja ali m'chiuno, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anayankhulana. Shayla anagwedeza mutu kamodzi.

"Akumuuza chiyani?" ndinafunsa.

Marlys anatola foni yake pansi koma sanaiyang'ane. Nkhope yake inali itayera ngati ufa.

"Marlys, ndakufunsa."

"Ndikuuzeni ine, amayi," anatero wa sikafu, ndipo ankamva kukoma. "Nyimbo ikaima, wovina amaima. Akaikonza amayambira pamene inaimira. Chilichonse wachita wezulo italira sachiwerenga. Mwamuimbira bwino kwambiri. Kudumpha kuja kulibe."

"Kulibe bwanji? Inu simunakuone?"

"Ndinakuona."

"Ndiye kulibe bwanji?"

"Akunena zoona, Verna," anatero Marlys motsitsa. "Ndimalidziwa lamuloli. Ndimalidziwa, koma ndinaimba."

Kulondola sikumukongoletsa munthu, ndipo bambo uja anaipa kwambiri masana amenewo. Koma anali atalondola. Wolengeza ananena zomwezo pa zokuzira mawu, zimene tsopano zinkagwira bwino kwambiri pa nkhani yoipa. Bwalo linabuula, ena anaimba likhweru, ine ndinatchula mawu amene wansembe wathu sanandiphunzitse. Lifali anakhala pansi osatekeseka. Sanalakwe kanthu mayi uja, ndikudziwa, koma mpaka lero ndikaona jekete lakuda la mtundu umenewo m'sitolo ndimadutsa.

Kukonza waya kunatenga nthawi. Shayla ankazungulira pang'onopang'ono akugwedeza miyendo. Aliyense amene anakhalapo m'bwalo la ayezi amadziwa chimene kudikira kumachita: thukuta limazizira pa msana, miyendo imauma, ndipo moto uja umene unamunyamula munthu umazima. Mphamvu zimene anasungira kudumpha kumodzi anali atazithira kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Anapita ku mpanda. A Lindqvist anamugwira mapewa onse awiri, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, kenako anamuikira zala ziwiri pafupi ndi mphuno.

"Imva, mwana iwe," ankanong'ona Marlys ngati akupemphera. "Ya pawiri. Palibe chatayika. Ya pawiri basi, upite."

"Angamve ameneyo?" anatero a Orest. "Mwana womenya mpando?"

Shayla anachoka pa mpanda. Asanapite pamalo pake anakweza maso n'kuyang'ana kumene tinakhala. Sanamwetulire, sanakwiye. Ine mtima unandiuza kuti ndibise nkhope, koma ndinakana. Ndinaimirira kuti andione bwino, ngati ali ndi mawu andipeze.

Okonza waya aja anaibweza nyimbo pang'ono kuti Shayla apeze liwiro. Nthawi ino m'bwalo munali zii, moti tinkamva mipeni yake ikudula ayezi. Anadutsa pansi pathu chafutambuyo. Ndinaona mmene anakokera manja kumbuyo, mmene anaweramira, ndipo ndinadziwa. Marlys anadziwanso, chifukwa anati, "Ayi, ayi, ayi."

Ananyamuka ya patatu. Sanakwere ngati poyamba. Anatera asanamalize kuzungulira, mpeni unakana, ndipo anagwa ndi chiuno n'kutsetsereka mpaka kukagunda mpanda. Kugundako tinakumva pamwamba pomwe tinali.

Anadzuka nyimbo isanamusiye. Anadumphanso kotsatira n'kutera, kwina anachepetsa chifukwa mwendo unkakana, koma sanaime. Pofika pa kavinidwe ka mapazi ka kumapeto, pamene mkwatibwi amagwira zingwe za kavalo yekha, bwalo lonse linali chiimire. Anamaliza akupuma ngati mvukuto, bondo likutuluka magazi pa sokosi. Tiagologolo tinagwa pa ayezi ngati matalala, ndipo ana otola zidole anavutika. Wanga sindinaponye. Ndinapeza ndamufinya m'manja mpaka diso lake la batani linathothoka.

Anakhala pa benchi ija yodikirira malikisi, imene makamera amakonda chifukwa anthu amalirirapo. Shayla sanalire. A Lindqvist anakhala pambali pake ngati mtengo wa magetsi. Oweruza anachedwa, akubwezabweza kanema kuti aone pamene mpeni unafikira. Marlys sanakhudze foni.

"Werengera," ndinamuuza.

"Ndawerengera m'mutu."

"Ndiye?"

"Usandifunse."

Malikisi anatuluka. Anamuchotsera ya kugwa, anamudula pa kuzungulira kosakwana, ndipo ataphatikiza ndi za Lachisanu, dzina lake linakhala pansi pa la Noemie. Kusiyana kwake sikunakwane ngakhale pointi imodzi. Mtsikana amene ankatsogola analowa pambuyo pake, anavinira mapiyano ake, n'kupambana. Noemie wachiwiri. Shayla Boychuk wachitatu, kachitatu.

Bambo wa sikafu podutsa anaima pafupi nane. Ndinakonzeka. Koma anangoti, "Inali akiselo yabwino, amayi," n'kumapita. Zinandipweteka kuposa akanandinyoza, ndipo ndinalakalaka akanandinyoza kuti ndipeze pogwira.

Anzathu anapita ku basi mwakachetechete, miphika ili m'manja. Ine ndi Marlys tinazungulira kuseri kwa bwalo, ku khomo limene ovina amatulukira. Dzuwa linali lisanalowe koma mphepo inkaluma. A Orest anatitsatira chapatali, monga amachitira akaona kuti kukubwera nkhondo.

"Tamupha, Verna," anatero Marlys. "Tikanakhala chete akanaima, akanapuma, akanamvera kochi wake. Bwenzi pano akulongedza za ulendo."

"Unafuna tizimuyang'ana ali yekha pa ayezi, nyimbo itafa?"

"Eya. Ndi zimene anthu anzeru anachita."

"Anthu anzeru anaponda pansi nafe limodzi. Unawamva."

"Iwo si a kwawo. Ife ndi amene timayenera kumusamala."

Pamenepo anandibaya. Ndinali ndi mantha, ndinene poyera. Sindinaope oweruza kapena a pa intaneti. Ndinaopa kuti mwana amene ndinamupukuta mamina pa basi atuluka pa khomo lija n'kundidutsa ngati sakundidziwa.

Anatuluka akukoka chikwama, akutsimphina, atavala chipewa chaubweya, mendulo ikulendewera m'thumba la jekete ngati chinthu chimene waiwala kutaya. Ana angapo anamuthamangira kuti awasainire, ndipo anasaina onse. Kenako anatiyang'ana. Marlys anayamba kulira. Ine ndinapita kutsogolo, poti mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Shayla, ngati uli ndi mawu, ndi ine. Ndinayambitsa ndine. Marlys ndi a Orest anangotsatira. Koma ndikuuziretu, kupepesa chifukwa choimba sindipepesa. Chimene chikundiwawa ndi chakuti tinatseka wezulo, iwe sunaimve."

Anandiyang'ana, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

"Anti Verna, ndinaimva."

"Wati chiyani?"

"Wezulo. Ndinaimva. Lifali anali pafupi pomwepa, ine si wogontha. Inalira ndisanatembenuke n'komwe."

Marlys anasiya kulira ngati wina watseka mpopi. "Unaimva? Ndiye lamulo sulidziwa?"

"Ndimalidziwa kuposa inu, aphunzitsi."

"Nanga bwanji sunaime?"

"Inu munali mutasiya?" anatero. "Munamuonapo ndani wa ku Wynmere akuima nyimbo ili pakamwa pa anthu? Ndikanaima, anti Verna akanatsika n'kudzandikoka khutu pa wailesi ya kanema."

"Ndikanaterodi," ndinatero.

"Chabwino, koyambako," anatero Marlys, amene sasiya funso lisanatuluke yankho. "Nanga kachiwiri? Kochi anakuonetsa zala ziwiri. Ine pamwamba paja ndinawerengera. Ya pawiri inali yokwana, Shayla. Bwenzi ukupita."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

Shayla anasuntha chikwama, anatsamira pa mwendo wosapwetekawo. Maso ake anadzaza misozi, koma sanalole kuti igwe.

"Anandiuza pamaso pa anthu onse kuti chimene ndachita sichinachitike. Mumafuna ndibwerere ndikadumphe ya pawiri, ngati ndikuvomera? Ndimafuna kupita, aphunzitsi. Ndakhala ndikufuna kuyambira ndili pa basi ya anti. Usiku uno ndilira mpaka maso atupe, musadandaule. Koma sindikanapita ndi ya pawiri nditangoitera ya patatu pamaso pawo."

A Orest anasendera pafupi, anatsokomola, n'kumupatsa mbale ya mapirogi imene anabisa mu jekete. Shayla anatsegula pomwepo n'kudya ndi manja, ngati munthu amene sanadye chaka chonse, ndipo mwina n'zoona. Ine ndinatulutsa gologolo wanga wa diso limodzi.

"Uyu sanafike pa ayezi," ndinatero.

Anamulandira, anamuyang'ana mbali yathothoka diso, n'kumulowetsa m'thumba momwe munali mendulo. Galimoto ya a Lindqvist inaliza hutala. Shayla anatipsompsona aliyense pa tsaya, milomo ili ndi mafuta a anyezi, n'kuyamba kukoka chikwama chake. Ndinaganiza kuti basi, nyengo zonse zija zathera pa khomo la kuseri ili. Atayenda pang'ono anacheuka.

"Anti Verna."

"Ee, mwananga."

"Munaiyamba pamwamba kwambiri. Pofika pa kavalo anthu amalephera kufikira, mumangomveka inu nokha ngati kulira kwa geti. Chaka chamawa mudzaiyambe pansi."

Marlys anandigwira mkono. "Chaka chamawa? Si unalengeza kuti wasiya?"

"Ndinalengeza nyimbo isanafe," anatero Shayla. "Akuti timayambira pamene inaimira. Si lamulo lawo lomwelo?"

Analowa m'galimoto. Tinamuona pa windo akuwaonetsa a Lindqvist zala zitatu, ndipo bambo uja anagwetsa mutu pa chiwongolero.

Pa tsamba la malikisi a tsiku limenelo, limene Marlys amatsegulabe akafuna kudzipweteka, akiselo ilipo imodzi yokha, ija anagwa. A pa intaneti akupitiriza kulemba kuti chaka chamawa asatilole kulowa, ndipo wina akuti atifufuze m'zikwama pa khomo. Afufuze, apezamo singano zolukira ndi masoseji. Lachitatu lililonse tikumakumana m'chishedi chathu, basi yonse, Shayla akamaliza kuyeserera. A Orest ndi amene akumayambitsa tsopano, poti mawu awo ali pansi.